Kugwada Kamodzi

Amuna anga, a Bong Man-su, anali munthu wamakani, koma kachilombo kamene kanawalowa m'bala kanawaposa. Anapita kuchipatala konkuno ku Mokpo kukangokonzetsa fupa la m'chiuno atagwa padoko. Opaleshoni inayenda bwino, koma pasanapite nthawi balalo linatupa n'kuyamba kutuluka mafinya, thupi lili juu.

Dokotala wawo, mayi Ok, anati ndi sitafilokokasi, kachilombo kamene ambirife timayenda nako pakhungu osadziwa. Koma aka kanali ka m'chipatala, kanakulira pakati pa mankhwala mpaka kuwazolowera. Mankhwala oyamba kanangomwa ngati tiyi. Achiwiri chimodzimodzi. Achitatu, a m'dilipi, anagwirako pang'ono, koma anayamba kuwononga impso, ndiye anawasiyitsa. Ine ndinapsa mtima, sindibisa. Munthu ubwere ndi chiuno, akuwonjezere matenda ena ngati basela?

Anawasamutsira m'chipinda chaokha. Aliyense wolowa ankavala gauni yachikasu ndi magolovesi, ngakhale ine amene ndawachapira masokosi kuyambira ndili mtsikana. Iwo ankangoseka, ati ndikuoneka ngati nthochi yakupsa.

Chimene chinkawasowetsa mtendere silinali bala ayi. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Hye-rim, anali atapeza mwamuna, dzina lake Seok-ju, koma mnyamatayo anali asanagwadire apongozi ake, kuja kogunditsa mphumi pansi. Popanda kugwadako, bambo sanapereke mwana. Tsono munthu wogona sagwadiridwa. Wamoyo amakhala tsonga, umamugwadira kamodzi. Wogwadiridwa chigonere ndi mtembo, ndipo ameneyo n'kawiri. Bambowa kukhala tsonga kunali kutawakanika kale.

Hye-rim ankati tidikire achire kaye. Koma mayi Ok anali atanditengera pakhonde n'kundiuza kuti kachilomboko kalowa m'magazi, kafika kumtima, ndipo mankhwala otsalawo ndi ongoyesa. Amuna anga sindinawauze, nawonso sanandifunse. Anangondiyang'ana nditalowa, n'kunena kuti mnyamatayo abwere pa Chaka Chatsopano.

"Mukhala bwanji, bambo a Hye-rim? Supuni yomwe ikukulemerani."

"Inu mukhala kumbuyo kwanga, mayi a Hye-rim. Moyo wonse mwakhala mukundikankha, lero mulephere?"

Namwino anati bedi limatheka kukwezedwa kumutu. Iwo anakana, ati wotsamira bedi ndi wogona ndithu, sanganamize mkamwini tsiku loyamba lomwe.

Tsikulo m'mawa ndinawameta ndevu, ndinawapesa timatsitsi tawo totsalato. Ndinakwera pabedi, kugwada kumbuyo kwawo, n'kuwadzutsa pang'onopang'ono manja anga ali m'khwapa mwawo. Anali atapepuka zoopsa. Kutentha kwa msana wawo ndinkakumva kupyola gauni, ndipo ndinachita mantha, koma ndinawakalipira kuti awongole khosi.

Namwino anayala nsalu yoyera pansi kuti mphumi ya mlendo isakhudze simenti. Seok-ju analowa atavala chikasu ngati tonsefe, thukuta lili kamukamu. Anagwada bwino ndithu, mphumi mpaka pansi, n'kudzuka. Kenaka ndinaona mawondo ake akupindikanso. Mnyamatayu bambo ake anamwalira iye ali wakhanda, ndiye chikulire chake bambo amene ankamugwadira anali wa pachithunzi, kawiri nthawi zonse. Thupi linangochita zimene linazolowera.

Hye-rim anamugwira gauni kumbuyo. Mnyamatayo anangoti kakasi, makutu psuu. Ine ndinamva amuna anga akukoka mpweya pachifuwa panga.

"Kamodzi, mwana wanga," anatero. "Kachiwiriko sunga, sikawola."

Anaseka, nafenso tinaseka, Hye-rim akupukuta misozi ndi golovesi. Kenaka anamuuza mnyamatayo kuti Hye-rim amutenge, koma adziwe kuti pakamwa anatengera amayi ake. Ndinawatsina m'nthiti. Anakhalabe tsonga mpaka anawo atatuluka ndipo chitseko chatsekeka, ndiye anandigwera m'manja n'kupempha madzi.

Mankhwala otsala aja sanagwire. Nyengo yachisanu isanathe, Seok-ju anavala suti yakuda n'kuima patsogolo pa chithunzi chawo. Anagwada koyamba n'kudzuka. Kachiwiri kaja anachedwa nako pansi, ndipo palibe amene anamugwira malaya.