Phazi Lakumanzere la Amayi

Pali chinthu chimene mtsikanayu sanauzepo munthu, ngakhale mkulu wake wogona naye chipinda chimodzi: phazi lakumanzere la amayi ake linali litasiya kulimbana ndi dzanja lake.

Amayiwo anali telala. Ankasokera pakhonde, ndipo msana unawayamba kalekale, ululu wake wotsika kuchokera m'chiuno mpaka kuchidendene ngati waya wamoto. Mtsikanayu atalemba mayeso omaliza n'kumangokhala pakhomo, anakumbukira yoga, masewera owongola thupi amene aphunzitsi a zamasewera ankawachititsa kusukulu, komanso chithunzi cha mafupa ndi minofu cha m'buku la sayansi. Ndiye m'mawa uliwonse ankakankhira tebulo kukhoma, n'kuyala mkeka pabalaza.

"Gwadani, manja pansi. Pindani msana ngati mphaka. Kokani mpweya pang'onopang'ono."

"Ine mayi wa ana akuluakulu, lero ndasanduka mphaka m'nyumba mwanga momwe," amayi ankatero uku akuseka, mpango utagwera kumaso. "Tsekatu chitsekocho iwe, aneba angati ndazungulira mutu."

Poyamba zinathandiza ndithu. Amayi anayamba kuwerama okha kutola singano, ndipo kasitomala aliyense wobwera kudzayesa diresi ankamva nkhani yake. "Uyutu ndi dokotala wanga. Kufatsa konseku, koma mafupa onse amawadziwa mayina." Mtsikanayu ankangozyolika, n'kumatola tizidutswa ta nsalu.

Pomaliza masewerawo amayi ankagona chagada, iye n'kuika zikhatho pamwamba pa mapazi awo. "Kokerani zala zakumapazi kwa inu, mulimbane ndi dzanja langa." Phazi lakumanja linkalimbana naye mpaka mkono kunjenjemera. Lakumanzere linayamba kufooka, ndipo tsiku lina linangogona m'dzanja mwake, lofunda, lolemera, ngati kakhanda kali m'tulo.

"Bwanji adokotala, ndakhoza?" anafunsa amayi, maso ali kudenga.

"Mwakhoza," iye anayankha.

Anawonjezera masewera ena. Ankakoletsa thaulo kuphaziko kuti aziliwongola, ankasisita katumba mpaka zala zake kuchita dzanzi. Ankadziwa kuti pali mtsempha wochokera kumsana umene umatuma phazi, poti anaujambulapo m'kalasi ndi inki yofiira, koma bukulo silinanene chochita mtsemphawo ukasiya kutuma. Ankaopa kuti akatchula chipatala, makina osokera aima, ndipo amayi aona kuti dokotala wawo uja ndi mwana chabe. Ankaopanso kuti mwina masewera a mphaka omwe aja ndiwo anawononga zinthu.

Patapata wakumanzere anayamba kuvuka yekha panjira. "Mapatapata a masiku ano, zinyalala zokhazokha," amayi ankatero. Pamakina phazi lakumanja linkapalasa lokha, linzake litangotsamira pachitsulo.

Tsiku lina masana amayi akuperekeza kasitomala, zala za phazilo zinakhula sitepe ya khonde. Anagwa ndi maondo, mapini n'kumwazika pabwalo ponse.

"Mayo! Mwavulala, achemwali?" anakuwa kasitomalayo.

"Ayi, imeneyinso ndi yoga," anatero amayi, ndipo onse awiri anafa nazo nseko. "Dokotala wanga andikonza mawa."

Mtsikanayu anagwada n'kumatola mapiniwo limodzilimodzi, osadzutsa mutu.

Kutacha anayala mkeka monga mwa masiku onse. Amayi anagona chagada, bondo lili ndi chilonda chamadzimadzi. Iye anaika zikhatho pamapazi aja.

"Kokerani."

Lakumanja linakoka. Lakumanzere linangoti zii. Anadikira, akuona mitsempha ya khosi la amayi ikulimbika, koma kuphaziko kunalibe kanthu.

"Ndakhoza?"

Mtsikanayu anadzutsa mutu, phazilo akadaligwira ndi manja onse awiri.

"Ayi, amayi. Phazi ili linasiya kale kukoka, ine ndimangoti mwakhoza. Sindikudziwa chochita, amayi, ine sindingathe. Tiyeni kuchipatala."