Timabotolo ta Lamulungu

Kabotolo kena kanagwera m'ndowa n'kusweka, fungo la mandimu n'kungoti guu chipinda chonse. Sisita sanacheuke n'komwe. Anagwada, n'kupisanso dzanja kunsi kwa bedi la malemu amayi ake, kumene kunali tina tisanu titandandalikidwa bwinobwino kukhoma.

Pakhomopo aliyense ankamutchula Sisita chiyambire tsiku limene anavala diresi loyera la unamwino. Tsopano panali patatha masiku atatu chiikire maliro, alendo onse atabalalika, ndipo chikwama chake chinali chomangamanga pabalaza. M'mawa anali atawauza kale bambo ake osaphethira: akatuluka lero, phazi lake silidzapondanso m'nyumba imeneyi.

Timabotoloto tinayamba chaka chatha. Amayi anangolengeza kuti ayamba bizinesi ya zonunkhiritsa m'nyumba. Ankasungunula ufa wa jelatini m'madzi owira, kuthiramo mchere kuti zisachite nkhungu, kenako utoto pang'ono ndi madontho a mafuta a mandimu kapena a bulugamu. Zikazizira zinkalimba, n'kumanjenjemera m'timabotolo ta jamu ta zivindikiro zoboolaboola ndi msomali. Bizinesi yake inali ya mtundu wakewake, chifukwa chaka chonse sanagulitse ngakhale kabotolo kamodzi. Sisita, amene ankabwera kudzacheza Lamulungu lililonse, ndiye ankatsogolera kuseka.

"Amayi, makasitomala anu ndi ndani kodi? Mphemvu?"

Ankatero uku akuwapatsira mafuta ena amene wawagulira yekha ku famase.

Lachiwiri lapitalo amayi anakomoka kukhitchini, n'kuthamangira nawo kuchipatala chimene Sisita amagwirako ntchito. Ndi iye yemwe anadula bulauzi ndi sizasi. Pabere la kumanzere panali chilonda cha khansa chachikulu kuposa chikhatho chake, chakalekale. Dzuwa lisanalowe anali atatsirizika. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba chaka chathunthu iye ali pomwepo, osamva. Chimene chinamuumitsa thupi koposa ndi mabandeji: oyera, odula mofanana, opinda m'mphepete ndi makina. Bambo ake anali telala, ndipo msoko umenewo akanauzindikira ngakhale atatsinzina.

Pano bamboyo anali ataima pakhomo la chipinda, tepi yoyezera ili m'khosi ngakhale makina anali asanawakhudze sabata yonse.

"Udzicheka ndi magalasiwo, mwana wanga."

"Chaka chathunthu, Bambo!" Sisita anadzuka. "Mukundithirira tiyi, mukundifunsa za kuntchito, munthu akutha pampando pomwepo! Ine ndimatsuka zilonda za anthu osawadziwa tsiku ndi tsiku. Anzanga kuwodi akungondiyang'ana, akusowa chondiuza."

"Tinapita kwa madokotala awiri, kutali, kumene sakudziwa iwe. Onse anati tachedwa. Anangotipatsa opha ululu."

"Ndiye osandiuza ine? Ine namwino?"

"N'chifukwa chake."

Bambo anakhala m'mphepete mwa bedi, n'kuyamba kukulunga tepi ija pachala.

"Amayi ako anati, 'Mwanayu masiku sikisi amakhala ndi odwala. Tsiku limodzi lokha ndi limene amakhala ndi mayi. Mukamuuza abwera ndi magolovesi, ine ndisanduke bedi nambala yakuti.' Ndinalimbana nawo, usaganize kuti sindinalimbane nawo. Koma amayi ako aja, anawapambanapo ndani?"

"Nanga izi?" Analoza m'ndowa ndi chibwano.

"Zinali zako. Loweruka lililonse ankandithamangitsa. 'Pitani mukafike kumphambano, mphuno ikapume.' Ndikabwerako ndigogode ngati iwe, katatu, ndilowe ndikununkhiza. Ndikangomva kafungo ka chilonda, poto pamoto, tiwonjezere. Tinayamba ndi madontho teni pa kabotolo. Mwezi watha anali sikisite."

Manambala amenewo Sisita anawamva monga amawerengera pepala la wodwala amene akutsika. Iye ankayesa ndi ukalamba, kuti mphuno ya amayi yayamba kugontha. Tsiku lina anachita kuwatsegulira mawindo, akudandaula kuti mutu ukumupweteka ndi bizinesi yawoyo. Manyazi anamugwira, ndipo manyaziwo anangowonjezera mkwiyo. Anadutsa bambo ake osawayang'ana, n'kukanyamula chikwama pabalaza.

"Chovuta sichinali fungo ayi," bambo anatero kumbuyo kwake. Anali atamutsatira. "Chovuta chinali polowa pako. Iwe umakumbatira mwamphamvu, chiyambire uli mwana."

Dzanja la Sisita linaima pachitseko.

"Ndiye tikatha za fungo, ankati ndiwakumbatire monga umachitira iwe. Kasanu, kakhumi, mpaka aphunzire kusachita tsinya. Tsiku lina anakhala pansi, thukuta lili kamukamu. Ndinati basi, mawa mungomupatsa dzanja mwanayu. Ukudziwa anandiyankha chiyani? Anati, 'Dzanja ndi la alendo.'"

"Bambo, chonde."

"Mapeto ake anapeza njira. Ankachita chonchi."

Mkulu uja anatambasula manja pakati pa balaza. Anatembenuka pang'ono, phewa la kumanja patsogolo, la kumanzere kumbuyo, nkhope kuloza kukhitchini ngati wamva mphika ukusefukira, uku akumwetulira.

Sisita anagwira pakamwa. Kaimidwe kameneko ankakadziwa. Kangati konse anawadzudzulira amayi ake pamalo omwewo, "Siyani za mphika, Amayi, ndabwera ndine," iwo n'kungoseka, osatembenuka?

Chikwama chinatsetsereka paphewa n'kugwa pansi. Anayenda masitepe atatu pang'onopang'ono, n'kutsamiritsa chipumi paphewa la kumanjalo, mosamala, manja ali m'mbali. Bambo sanasunthe. Anakhala chomwecho, manja ali m'malere, akuyang'anabe kukhitchini, mpaka iye anawakumbatira mwamphamvu.