Galimoto Yomwe Fakiri Anasiya

Abale anga a pa Ngala, inu amene munanyamula nawo jeneza, sendererani kuno ndikukumbutseni za Fakiri, msodzi wathu uja tamuika posachedwapa.

Fakiri anagulitsa boti lake n'kukagula galimoto yakale ku Salima, yoti inazungulira kale dziko lonse. Wogulitsayo anangomuuza kuti, "Ndi nkhalamba iyi, osaimana oyilo." Fakiri sanakhale nayo nthawi yaitali, chifuwa chinamutenga.

Mkazi wake Shamsa anali pa eda, osatuluka m'nyumba monga achitira namfedwa kwathu kuno. Koma mtima sunali m'malo. Akhala pamphasa, adzuka, asuzumira pawindo, akhalanso. Galimoto ili apo pansi pa mango, masamba akugwera pagalasi.

Ndiye kunabwera Usman, mng'ono wa malemu, kuchokera ku Dwangwa. Atailiza galimoto ija, utsi unadzaza bwalo lonse, nkhuku n'kubalalika.

"Alamu," anatero ali kunja kwa chitseko, "injini yatha iyi. Achimwene anawapusitsa. Kuli munthu wogula zitsulo kwathu, ndiitenge isanawole."

"Dothi la kumanda silinachoke kumapazi, alamu," anayankha Shamsa.

"Galimoto siidziwa maliro. Ikangokhala imafa."

Shamsa ankadziwa kuti ikatuluka pabwalopo sidzabwereranso, ndipo mwana wawo wamkazi Rahila adzatsala chimanjamanja.

"Bambo aang'ono, tiichite kaye sevisi," anatero Rahila. "Tione mapulagi, tione oyilo."

"Waphunzira kuyendetsa dzana lomweli, lero wasanduka makaniko?"

Rahila anakatenga chigubu cha petulo chomwe bambo ake anasiya, kuti awonjezere. Akuthira, Usman anamugwira dzanja. Anaviika chala, n'kutikita, n'kununkhiza.

"Ndani wasakaniza oyilo m'petulomu?"

"Eni ake," anayankha Shamsa pawindo. "Ankati injini yomwa petulo wouma imapsa. Zaka zonse pa boti ankatero."

Usman anagwira kumutu. "Achimwenetu! Galimoto ili ndi pothirira oyilo pake. Iwo ankaiyesa boti?"

Rahila ndiye anayamba kuseka. Shamsa anatseka pakamwa ndi mpango, kuseka kukutuluka, misozi nayo ikutuluka.

Anakhuthula thanki, natsuka mapulagi, nathira petulo wabwino. Utsi unayamba kuchepa, injini n'kumalira mosalala. Apa m'pamene Shamsa anayambanso kuzungulira m'nyumba, poti galimoto yamoyo ndiyo imakopa kuposa yakufa. Ndipo zinaterodi.

"Basi, izikanyamula anthu ku Dwangwa," anatero Usman. "Ndiziyendetsa ndine, kangachepe ndizikutumizirani."

Analowa, mawondo n'kugunda chiwongolero. Usman paja ndi wamtali ngati mlongoti. Anakankha mpando kuti ubwerere kumbuyo, koma osasuntha. Anatuluka, nagwada, nasuzumira pansi pake. Mpandowo unali womangidwa ndi chingwe cha ukonde, mfundo yake ya Fakiri, ija ankamangira boti mwera ukamawomba.

"Unkathawira kumbuyo," anatero Rahila. "Bambo anandikhazika, n'kumanga pomwe mapazi anga afikira."

"Nanga iwo ankakhala bwanji pamenepa?"

"Sanakhalepo. Ankakhala mbali inayo, n'kumandiuza kuti ndichepetse liwiro."

Usman anakhala chigwadire. Mpeni anali nawo m'thumba, Shamsa anaona dzanja likupita komweko, n'kubwerera lopanda kanthu. Anasisita mfundo ija ndi chala. Kenako anadzuka, nasasa mchenga m'mawondo, nazungulira kukalowa mbali inayo.

"Tiye, mayi," anatero kwa Rahila, "tikagule oyilo wa galimoto. Koma pang'onopang'ono."

Shamsa anachoka pawindo, nakhala pamphasa, osadzukanso mpaka nthawi yopemphera swala.

Ndiye abale, mukaiona galimoto ija ikudutsa pamsewu wa ku Dwambazi, mtsikana wamfupi ali pachiwongolero, musangoikupiza dzanja. Tchulani dzina la Fakiri, mumupemphere dua, ana anu adzadziwe kuti anakhalapo.