Foni ya Zeferino Yalowa pa Redi

Gracinda ankaphunzira za redi, netiweki yolumikiza mafoni ku intaneti, m'baraka, kasitolo ka a Salvador, pamsika wa Fíngoè, pomwe anthu amagula intaneti ndi kutchajitsa mafoni. A Salvadorwo kaphunzitsidwe kawo kanali kokalipa basi. "Foni ikafika pa redi siyamba ndi nkhani ayi, imayamba yapempha adiresi. Kodi mutu wakowo ndi dzungu?" Mtsikanayo ankangoyesabe, mpaka kapulogalamu kake kanagwira. Kankatchera khutu pakhomo pomwe mafoni amapempha adiresi, n'kumaonetsa dzina la foni iliyonse yolowa.

Komatu mtima wake unali kwina. Mlongo wake Zeferino sanaonekenso chigumukireni mgodi wa golide kuseri kwa phiri. Ena ankati anali pansi. Ena ankati ayi, anamuona m'mamawa atakwera mota, njinga yamoto ija, yolowera ku Zambia. Mayi awo ku Malowera anagwiritsitsa mawu achiwiriwo, ndipo aliyense wotchula za maliro ankamupirikitsa pakhomo.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, pakompyuta panatuluka dzina lomwe Gracinda analemba yekha m'foni ya mlongo wake pamene ankayeserapo zophunzirazo: Zefe-wa-Mayi. Foniyo inalowa yokha, poti mawu achinsinsi a redi inkawakumbukirabe.

"Bambo Salvador, taonani! Wabwera!"

A Salvador anayang'anitsitsa, ndipo ulendo uno sanakalipe. "Redi yathuyi siwoloka msewu, ndiye foniyo ili pompano. Koma ndati foni, mwana iwe. Taichotsa pa redi, tione amene adzidzimuke."

Gracinda anaidula n'kusuzumira panja. Pabenchi panali anthu ambirimbiri, onse mitu pansi. Mmodzi yekha, bambo wa buluku lofiira ndi dothi la kumgodi, anakweza foni m'mwamba n'kumaigwedeza. Mayo ine, sanali Zeferino. Komabe Gracinda anapita pomwe panali bamboyo.

"Achimwene, foniyo mwaitenga kuti? Ndi ya mlongo wanga."

Bamboyo, yemwe anati dzina lake ndi Lino, sanakane. "Sindinabe, achemwali. Ife tikamatsika m'dzenje timakulunga mafoni m'pulasitiki n'kupachika pamtengo wa msuku, pakamwa pa mgodi. Aliyense akatuluka amatenga yake. Iyi inakhala pamtengopo mpaka mvula itayamba. Ndinaona kuti ingowonongeka."

"Mwina anaiwala. Ankathamangira mota."

Lino anayang'ana pansi. "Wokumba amaiwala nsapato, achemwali. Foni ayi. Tonse kumeneko tinkadziwa, kungoti palibe ankafuna kukhala woyamba kuichotsa."

Lino anatulutsa kakhadi kake ka nambala m'fonimo, napereka foniyo ndi manja awiri. Gracinda sanalire pamsikapo. Anangoilandira foniyo n'kubwerera m'baraka.

Galimoto ya ku Malowera inapezeka mawa lake. Njira yonse, atakhala pamatumba a mchere, ankakonza mawu oti akanene, koma palibe omwe anakhala bwino. Atafika anapeza mayi akusenda chinangwa pakhonde. Asanakhale n'komwe pansi, mayiwo anaona foni ija m'manja mwake, anaizindikira, n'kuponya mpeni uko.

"Ndinanena ine! Ndinanena!" Anaimba nthungululu mpaka anansi anatuluka m'nyumba. "Gracinda, watsalira kuti mlongo wakoyo? Muuze asachite manyazi, ine sindimukalipira."