Magetsi Athu Akukatani kwa Aneba?

Magetsi akazima, filiji ya mayi a mapasa inkangochucha madzi, nkhuku zomwe amagulitsa n'kuwonongeka. Atataya nkhuku kachitatu, amuna awo anabwera ndi jenereta yofiira, yatsopano.

Bambowa mumsewu mwathu timawatcha a Ndikudziwa. Si munthu woipa ayi, koma chilichonse chomwe mungawauze, iwo anachidziwa kale dzulo. Kabuku ka malangizo anakaponya pamwamba pa kabati osakatsegula. Anatenga waya n'kumangirira pulagi uku ndi uku, ina kujenereta, ina pasoketi ya kukhitchini.

"Waona, mayi a mapasa? Nyumba yonse yayaka," anatero monyadira. "Ena akanachita kuitana wamagetsi."

Loweruka m'mawa magetsi anazima, ndipo jenereta inayamba kubuma kuseri kwa nyumba. Posakhalitsa aneba awo, mayi osoka zovala, anasuzumira pampanda akuseka.

"Aneba, zikomotu potigawira! Wailesi yanga yangoyamba kuyankhula yokha, babu la kubafa likuphethira. Komatu msewu wonse kulibe magetsi."

"Zimachitika zimenezo," anayankha a Ndikudziwa.

Koma mayi a mapasa ndi munthu wosagona ndi funso. Jenereta ili kwathu, wailesi ili kwawo, nanga magetsiwo adutsa pati? Anatuluka panja n'kuyamba kutsatira waya ndi maso, kuchoka padenga lawo kufika papolo, kuchoka apo kufika papolo ina. Pakona anapeza galimoto ya okonza mawaya, ndipo bambo wina waimvi anali ataponda kale makwerero.

"Pepani bambo, ndifunse nawo. Kodi magetsi a jenereta angatuluke m'nyumba n'kukalowa kwa aneba?"

Bamboyo anatsitsa phazi pansi. "Mwailumikiza bwanji, mayi?"

Mayi a mapasa atafotokoza, bamboyo anatenga ndodo yake yoyezera magetsi n'kukhudza waya wa pamwamba. Ndodoyo inalira. Iye anayang'ana wayayo kwa kanthawi, kenaka anayang'ana manja ake.

"Waya uyu tamuzimitsa tokha m'mawa uno," anatero motsitsa mawu. "Ndi amene ndimakwerera kuti ndikamugwire."

Mayi a mapasa anathamanga, patapata m'manja, n'kukazimitsa jenereta osafunsa munthu. Wokonza mawaya uja anawatsatira mpaka kukhitchini, komwe anazula waya wa mapulagi awiri uja n'kuwaonetsa a Ndikudziwa.

"Achimwene, waya sadziwa kuti uku n'kolowera, uku n'kotulukira. Mukalowetsa magetsi pasoketi, amabwerera kudzera pamita mpaka kupolo. Ife timayeza tisanagwire, inde. Nanga mukanayatsa ine nditayeza kale, manja ali pawaya? Kunyumba ndasiya ana atatu, akundidikira."

Anawaonetsanso mano a pulagi. Mbali imodzi ikazuka jenereta ikulira, manowo amakhala ndi moto, ndipo soketiyo inali pamsinkhu wa mapasa. Magetsi akanabwera mwadzidzidzi, jeneretayo ikanapsa, mwinanso nyumba imene.

A Ndikudziwa anakhala pampando.

"Sindimadziwa," anatero. Chikwatiraneni, akazi awo anali asanamvepo mawu amenewa.

"Ndiye tichite bwanji?" anafunsa mayi a mapasa.

"Itanani wamagetsi wovomerezeka akuikireni swichi yosinthira. Mukaitembenuzira ku jenereta, imatseka njira ya kupolo, magetsi anu amathera m'nyumba mwanu momwemo. Jeneretayo izikhala panja, kutali ndi mawindo, chifukwa mpweya wake umapha anthu osazindikira."

Lolemba swichi inaikidwa pafupi ndi mita. Waya uja a Ndikudziwa anamudula okha, ndipo kabuku kaja anakatsitsa pakabati n'kukawerenga mpaka kumapeto. Tsopano magetsi akazima, nkhuku zimakhala zouma gwa, ndipo wailesi ya aneba imakhala duu. Mayi osoka zovala amadandaula mwanthabwala kuti aneba ayamba kuumira.

Inu amene muli ndi jenereta, musailumikize pasoketi ya m'nyumba. Ikitsani swichi yosinthira, ndipo chomwe simukuchimvetsa, funsani. Kumapeto kwa waya wanu kuli munthu. Wokonza mawaya uja amadutsabe mumsewu mwathu pagalimoto yake, ndipo akaona mayi a mapasa amawapatsa moni ndi manja onse awiri.