Anagwira Miyendo ya Ndani

Make Kamphepo anali atangoviika zovala m'beseni pamene foni inalira pawindo. Anaitola ndi zala ziwiri, thovu likutsikira kuchigongono.

"Ndine nesi wa kuwodi ya ana. Zotsatira zabwera. Adokotala akuti mubwere nonse awiri."

Nonse awiri? Masabata atatu mwana akutentha thupi m'chipatalamo, palibe anaitanapo bambo. Anasiya zochapa m'madzi nakadzera kugalaja. Mwamuna wake anatuluka pansi pa galimoto osafunsa n'komwe kuti kwagwanji. Chimenecho make Kamphepo anachisunga mumtima.

Dokotala anali mtsikana wa magalasi. Anawatembenuzira kompyuta. Panali chinthu chonenepa, m'mimba mwake muli timipira.

"Awa ndi mafuta a m'mafupa tinatenga aja, mopangidwira magazi. Chachikuluchi ndi selo loteteza thupi, ntchito yake n'kudya tizilombo. Koma taonani, lameza maselo a magazi a mwana yemweyo. N'chifukwa chake tikamuwonjezera magazi sakukhalitsa."

"Ndiye kuti galu akudya nkhuku za pakhomo," anatero mayiyo. "Wamupengetsa ndani?"

"Nthawi zina kachilombo, nthawi zina khansa, kapena nyamakazi ya ana. Tayeza, zonsezo sitinazipeze. Chatsala n'chakumtundu. Mankhwala tiyamba lero, koma chakumtundu chimabwerera, mpaka mwana atapatsidwa mafuta a m'mafupa a munthu wina. Ndiye tiyenera kudziwa. Kwanu kunamwalirapo mwana wamng'ono, wotentha thupi, mimba yotupa?"

"Ayi," anatero bamboyo, funso lisanathe n'komwe.

Atatuluka pakhonde, mkazi anamugwira mkono wa ovolosi.

"Bambo a Kamphepo, tsiku lija ankabaya mwana singano yotengera mafuta a m'mafupa, anakuuzani ndani kuti mwana amamugoneka chammbali, mawondo kumimba?"

"Anesi."

"Anesi anali asanalowe. Munandiuzanso kuti pabalapo pasafike madzi tsiku lonse. Inuyo, munthu wosadziwa pokhala mankhwala a mutu m'nyumba mwanu momwe!"

"Ndinamva pa wailesi."

"Wailesi yake iti yogoneka ana chammbali? Sindinabadwe dzulo ine. Muli ndi mwana kwina?"

"Iwe, anthu akumva."

"Amve, makutu ndi awo. Wanga ali mkatimo akudyedwa."

Bamboyo anayang'ana zikhadabo zake zakuda ndi oyilo.

"Anali mng'ono wanga. Zaka zinayi. Ine ndinali ndi khumi ndi zisanu, ndinamugwira miyendo pomubaya. Sanathe mwezi. Amayi anati tisamatchule, akazi angadzatithawe."

"Zaka zonsezi ndikukuchapirani maovolosi, mlamu wanga ndizikamumvera pakhonde la chipatala?" Anamukankhira kuchitseko. "Lowani. Mukanene zonse, mpaka malaya amene anavala."

Dokotala analemba osadzudzula. Atamaliza anakweza maso.

"Mwatithandiza, bambo. Koma matendawa kawirikawiri amafuna mbali ziwiri, ya bambo yokha sikwanira. Nanga kwanuko, mayi?"

"Kwathu kulibe."

Anadzimva yekha mmene anayankhira msanga.

Bambo anatsala ndi mwana, mayi nabwerera kunyumba kukatenga zosinthira. Madzi m'beseni anali atazizira, kadiresi kofiira ka Kamphepo katasuluka n'kudetsa zoyera zonse. Anayamba kufikisa. Amayi ake ankakonda kunena kuti anabereka asanu ndi mmodzi. Pachithunzi cha pabalaza paja alipo asanu. Winayo ukafunsa ankangoti, "Ameneyo anangodutsa," n'kukutuma madzi.

Anapukutira manja m'siketi nawaimbira. Inaitana, kuitana, osayankha. Analemba uthenga: "Amayi, wachisanu ndi chimodzi uja anadwala chiyani? Adokotala akufunsa." Anaona kuti awerenga. Anaimbanso. Ulendo uno inaitana kamodzi, wina n'kuidula.

"Ehe," anatero make Kamphepo.

Anaimika foni pawindo moti iziyang'anizana naye, nabwezera manja m'madzi ofiira aja.