Batani Lamanzere

Sitiroko inawagwira a Spencer mwezi wa Meyi, ali kuseri kwa nyumba kudula nthochi. Potuluka m'chipatala ku Mulanje Mishoni mwendo unali utayamba kumvera, koma dzanja lamanzere linkangolendewera ngati la eni ake. Adokotala owongola ziwalo sanabise mawu kwa akazi awo, mayi Estele: dzanjalo ligwire ntchito tsiku ndi tsiku miyezi yoyambirira ino, apo ayi liuma.

Anawapatsa kampira kofinya. A Spencer anakaponyera galu.

Ndiye Loweruka lina Marjory, mwana wawo wogwira ntchito ku Limbe, anatsika minibasi pa Chonde atanyamula kamakina ka magemu, n'kukalumikiza ku TV. Chimene chinatuluka pagalasipo chinawasiya bambo ake kukamwa yasa. Linali tebulo la pinibo, la magetsi ophethira ndi mabelu. Zaka makumi awiri a Spencer anali weta ku kalabu ya mabwana a esiteti ya tiyi, ndipo pakona ya bala panali tebulo lotere. M'mawa uliwonse ankapukuta galasi lake. Weta sankaloledwa kusewerapo.

Masewerowo anali osavuta kumva. Kampira kachitsulo kamatsetsereka, ndipo kumunsi kuli timikono tiwiri tokabwezera kumtunda. Kamkono kalikonse kali ndi batani lake pa rimoti, lina kumanja, lina kumanzere. Ukachedwa kudina, kampira kamagwera m'dzenje, ndipo tikagwa titatu masewero atha.

"Amayi, mwamva?" anatero Marjory pobwerera. "Lamanzereli azidina okha. Mankhwala ake ndi amenewo. Musawathandize."

"Ine za ana ndizitani? Nkhuku zanga zikundidikira."

Masabata awiri mayi Estele anasunga mawuwo. Magetsi akangoyaka masana ankawakhazika amuna awo pampando, kuwaikira rimoti pamiyendo, kugoneka chala chofookacho pabatani, iwo n'kutuluka. Ali pakhonde ankamva zonse. Belu kamodzi, kawiri, kenako kanyimbo kogonja. Kenako a Spencer kutukwana m'Chilomwe, chimene anali asanachite chilowereni udikoni. Nthawi zina chala chinkagwedera pang'ono, koma kampira katapita kale.

Mayiwo anali atakhala pabanja zaka makumi anayi ndi chimodzi. Chidwalireni amuna awo, iwo ndiwo ankawasambitsa, kuwamanga mabatani a malaya, kuwachotsera minga ya nsomba. Kukhala pakhonde manja lende mwamuna akuvutika m'nyumba, chimenecho sanachiphunzire kwa amayi awo.

Tsiku lina m'nyumbamo munangoti zii. Mayi Estele atasuzumira anapeza a Spencer akuyang'ana pansi.

"Zimitsani," anatero a Spencer ndi pakamwa pawo popotoka ndi sitiroko. "Kale ankandiletsa azungu. Pano likundiletsa dzanja langa lomwe."

Mayi Estele anapukuta manja pachitenje n'kukhala kumanzere kwawo. Poyamba ankadina pamwamba pa chala cha amuna awo. Koma chalacho chinkawachedwetsa, ndiye anachinyamula bwinobwino n'kuchigoneka pantchafu.

Anthu awiri, rimoti imodzi. Ndipo anaidziwa ntchito! A Spencer ankalidziwa tebulolo ngati munda wawo, poti anaonerera mabwana akuluza zaka zonse zija.

"Tsopano! Aa, mwachedwa, mayi ake Marjory. Mukuyesa mukupeta mpunga?"

"Inu wopukuta galasi mundiphunzitse ine?"

Ankaseka mpaka kutsokomola. A Spencer chakudya anayamba kumaliza. Lamulungu lililonse Marjory akaimba foni kufunsa kuti mapointi a gemu afika pati, mayi ake ankayankha kuti mamiliyoni awiri, kenako atatu. Silinali bodza. Kungoti sankanena kuti chala n'cha yani.

Marjory anabweranso mu Seputembala, atanyamula buledi ndi shuga.

"Ababa, tiyeni ndione akatswiri!"

A Spencer anayang'ana akazi awo. Mayi Estele anaima pakhomo, msana atatsamiritsa pachitseko. Kampira koyamba kanatsikira kumanzere n'kugwa. Kachiwiri chimodzimodzi. Kamkono kakumanzere sikanagwedere n'komwe.

Marjory anagwada n'kutenga dzanja la bambo ake. Zala zinali zitapindikira m'kati ngati phazi la nkhuku yophedwa. Anayesa kuwongola chimodzi. A Spencer anakuwa.

"Mamiliyoni atatu aja anadina ndani?"

"Ndine," anatero mayi Estele.

"Ndinati chiyani, amayi? Ndinati chiyani?"

"Iwe unanena n'kukwera minibasi. Amene ankamva kulira kwawo ndine."

"Ndiye mwawalirira bwino. Taonani dzanjali!"

"Usawakalipire amayi ako," anatero a Spencer motsitsa mawu. "Ndinkaona. Sindinakane."

Lolemba anapita nawo kuchipatala. Adokotala anatembenuza dzanjalo uku ndi uku, n'kunena kuti nthawi yabwino yadutsa. Kuyesa ayesebe, koma asayembekezere zambiri. Marjory anachokera konko kupita ku Limbe, kutsanzika kwake kwa pakamwa pokha.

Madzulo ake magetsi anayaka cha m'ma folo. A Spencer anakhala pampando wawo, rimoti pamiyendo.

"Mayi ake Marjory, bwerani. Zauma zauma. Tiyeni tingosewera."

Mayi Estele anabwera. Anatenga dzanja lopindikalo n'kulikanikiza pa batani lamanzere, mfundo za zala zitagunda pulasitiki. Kenako anazungulira mpando n'kukhala kumanja, n'kuchotsa dzanja labwino la amuna awo pa rimoti.

"Uku ndidina ine. Uko n'kwanu."

"Adokotala mwawamva."

"Ndawamva."

Anaponya kampira. Kanagunda belu, kanazungulira, kanatsikira kumanzere. A Spencer analuma mano, phewa lonse likunjenjemera, thukuta lili chuchuchu pamphumi. Kamkono kanangokhala. Kanyimbo kogonja kanalira.

Misozi inatsikira mbali yakufa ya nkhope yawo, iwo osaimva. Mayi Estele anaiona, koma manja awo sanachoke pa rimoti.

"Kwatsala tiwiri," anatero, n'kuponya kena.